Kodi Chida Chachikulu Ndicho Chimapambana?

Pa tchuthi chapitachi ndinali kwathu ku Kasungu kuthandiza bambo kupanga mizere ya fodya. Popeza ndine wochepa thupi, ndinasankha khasu lalikulu la amalume kuti anthu asandipeputse. Ndisanamalize mizere itatu mikono inali italema kale, pomwe mng'ono wanga ndi kakhasu kake anali atandisiya kutali. Manyazi a tsikulo ndiwo andilembetsa nkhaniyi.

Tonse timamudziwa dayisi wa mbali 6 amene timasewerera ludo. Ku America, m'chaka cha 1974, Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa masewera otchedwa Dungeons & Dragons. Osewera amakhala pa tebulo n'kumayerekeza kuti ndi ankhondo, ndipo wina akakantha mdani amaponya dayisi kuti adziwe kukula kwa bala. M'malamulo a 2003, lupanga lalitali la munthu wamba limapatsidwa dayisi mmodzi wa mbali 8. Mukaponya kambirimbiri, pakatikati pamakhala 4.5. Lupanga la chimphona chotalika kawiri limapatsidwa madayisi awiri a mbali 6, ndipo pakatikati pamakhala 7. Ndiye kuti mphamvu yake siinafike ngakhale pa kawiri.

Ine ndikuona kuti olemba malamulowa sanalakwitse. M'chaka cha 1638 Galileo anafotokoza kuti chinthu chikakula kawiri mbali zonse, kulemera kwake kumachuluka kasanu ndi katatu, koma kulimba kwa fupa kumangochuluka kanayi. N'chifukwa chake njovu za ku Kasungu National Park zili ndi miyendo yonga mitondo koma sizitha kulumpha. Khasu nalonso likakula limalowa pansi kwambiri, koma mwini wake amachedwa kulidzutsa ndipo amatopa msanga.

M'buku loyamba la Samuele, mutu 17, timawerenga kuti nsonga ya mkondo wa Goliyati inkalemera masekeli 600, pafupifupi makilogalamu 7. Davide anavula zida za Mfumu Saulo chifukwa sanazizolowere, natenga miyala isanu ndi gulaye wake. Mmene zinathera tonse tikudziwa.

Tsono anzanga a Fomu 1 amene mumadziderera chifukwa cha msinkhu, musasirire khasu la amalume. Gwirani mwakhama chida chimene Mulungu wakupatsani, pakuti akuluakulu anati kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa.