Kodi Makala a pa Mbaula Apita Kuti?

Lero tikambe za masamu a mbaula. Mai akasonkha makala olemera kilogalamu imodzi, m'mawa apeza phulusa lodzaza manja cabe. Nanga zina zonse zapita kuti?

M'caka ca 1789 Antoine Lavoisier wa ku France analemba lamulo lakuti kanthu sikatayika: zolowa m'moto zilemera cimodzimodzi ndi zoturukamo, tikawerengera mpweya womwe.

Zinthu zonse zipangidwa ndi tinthu tosaoneka ndi maso. Akatswiri atiwerenga m'magulu, monga wamalonda awerengera mazira pa dazeni. Gululo dzina lace ndi mole, ndipo ciwerengero ca tinthu ta m'mole imodzi ndico 602 wotsatidwa ndi maziro 21.

Tsono cherani khutu. Mbali yaikuru ya makala ndi kaboni. Mole imodzi ya kaboni ilemera magalamu 12. Pakupsa igwirana ndi mole imodzi ya okisijeni wa mu mpweya, yolemera magalamu 32, ndipo zibala magalamu 44 a mpweya wochedwa carbon dioxide.

Tiyese kuti kilogalamu yathu yonse ndi kaboni. Gawani 1,000 ndi 12, mupeza mamole 83. Curukitsani 83 ndi 32: motowo udya okisijeni pafupi makilogalamu 2.7. Onkhetsani kilogalamu ya makala ija, ndipo zoturuka zikwana makilogalamu 3.7. Makala sanatayike ai. Asanduka mpweya umene uli m'nyumba momwemo.

Cipinda ca mamita 3 m'litali, 3 m'lifupi ndi 2.5 msinkhu cisunga mpweya wa makilogalamu 27, ndipo okisijeni m'menemo ndi makilogalamu 6 okha. Mukatseka citseko ndi zenera, mbaula imodzi ikhoza kudya pafupi theka lace.

Coopsa koposa ndi ici. Okisijeni akacepa pamoto, magalamu 12 a kaboni atenga 16 okha, nabala magalamu 28 a carbon monoxide. Mpweya umenewu ulibe pfungo kapena maonekedwe, ndipo pang'ono pokha ukwanira kupha, ngakhale okisijeni asanathe. Ulowa m'mwazi nutsekereza okisijeni. Munthu amva mutu ndi cizungulire, agona, osaukanso.

Cifukwa cace, abale, m'miyezi yozizira ya June ndi July turutsani mbaula pabwalo musanagone. Mukapeza wina wafoka m'nyumba ya mbaula, mturutseni msanga kunja ndi kuthamangira naye ku cipatala.

Nali funso la ana a sukulu. Ku Chilanga, kumene anayamba kupanga simenti mu 1951, aocha mwala wa laimu. Magalamu 100 a mwalawo asiya magalamu 56 a laimu. Kodi mpweya wouluka ulemera magalamu angati? Tsalani bwino.