Kuchera Mbedza pa Nthambi za Mitengo

Alimi ambiri okhala m'mbali mwa Luangwa ndi Zambezi afuna nsomba zodyera nsima, koma alibe nthawi yokhala pagombe tsiku lonse ndi ndodo m'manja, pakuti khasu liwadikira kumunda. Ukonde nawo uli wa mtengo wapatali. Koma iripo njira ina yosalira ndalama zambiri, ndiyo kumanga cingwe ca mbedza pa nthambi yoweramira pa madzi, ndi kucisiya kuti cigwire nchito usiku mwini wace ali m'tulo.

Nsomba Zimene Tifuna

Njira iyi iyenera mlamba ndi vundu. Zonse ziwiri ziribe mamba, ndipo ziri ndi mutu wophwatalala ndi ndevu 8. Muzisiyanitsa poyang'ana pamsana. Mlamba uli ndi cipsepse cimodzi cacitali cofika pafupi ndi mcira. Vundu ali nazo ziwiri, ndipo cakumbuyo ciri ca mnofu wokhawokha. Vundu ena alemera kufika makilogalamu 50. Apezeka mu Luangwa, mu Zambezi kunsi kwa Victoria Falls, ndi m'nyanja ya Kariba, imene inayamba kudzala m'caka ca 1958.

Nsomba izi zisaka makamaka usiku, ndipo zipeza cakudya ndi ndevu zao koposa ndi maso. Cifukwa cace madzi amatope sazivuta. Ndiponso m'mutu mwao, pamwamba pa makha, muli kaciwalo konga kamtengo ka nthambi zambiri, kamene zipumira nako mpweya wa kunja. Ndico cifukwa cace mlamba wokodwa pakati pa usiku muupeza ukali wamoyo m'mawa, nyama yace yosaonongeka.

Kusankha Malo ndi Nthambi

Funani dziwe lakuya, pamene mtsinje ukhota ndi kukumba gombe, kapena pafupi ndi mtengo wogwera m'madzi. M'malo otere ndimo nsomba zazikulu zibisala usana.

Nthambi ikhale yaiwisi, yonenepa monga dzanja la munthu, ndipo yotha kupindika. Apa ndipo pagona nzeru yonse. Nsomba ikakoka, nthambi iwerama, niibwereranso, ndipo kubwerera kwace kuloweza mbedza m'kamwa. Usiku wonse nthambi ilimbana nayo kufikira italema. Mukamanga pa thunthu kapena pa nthambi youma, palibe cimene cigonja: cingwe ciduka, mbedza iongoka, kapena nthambi ithyoka. Musanamange, yambani mwaikoka ndi mphamvu kuti muiyese.

Cingwe, Mbedza ndi Nyambo

1. Tengani cingwe colimba ca nailoni ndi mbedza yaikulu yacitsulo cocindikala. Inoleni pa mwala kufikira igwira pa cikhadabo.

2. Mangani kamwala kapena mtovu pamwamba pa mbedza, kusiya danga la cikhatho cimodzi kapena ziwiri, kuti madzi asatengere nyambo kugombe.

3. Yesani kuya kwa madzi ndi nsungwi. Nyambo ilende pamwamba pang'ono pa matope, pakuti ikagona pansi nkhanu ziidya. Cingwe cisatalike kwakuti nsomba ithe kufika ku mizu, cifukwa ikazenga m'menemo mwaitaya.

4. Nyambo yabwino ndi kansomba kakang'ono, matumbo a nkhuku, cule, kapena nyongolotsi zambiri pamodzi. Msonga ya mbedza itulukire kunja pang'ono.

5. Cherani dzuwa liri kulowa, ndi kukaona kusanace bwino. Zingwe 5 kapena 6 zikwanira munthu mmodzi. Ziwerengeni pochera, muziwerengenso pocotsa.

Cenjerani

Palibe nsomba yoposa moyo wa munthu. Nsomba yophiriphitha pa cingwe iitana ng'ona, ndipo ng'ona izolowera malo amene munthu afikapo tsiku ndi tsiku pa nthawi imodzimodzi. Motero musapite nokha, musatume ana, ndipo musalowe m'madzi kukamasula cingwe. Imani pamtunda ndi kucikoka ndi ndodo yaitali ya ngowe. Sinthani malo kawirikawiri, ndi kupewa njira zimene mvuu zitulukira.

Musakulunge cingwe pa dzanja, pakuti vundu wamkulu akhoza kuceka zala kapena kukugwetserani m'dziwe. Cikulungeni pa kamtengo. Nsomba ikafika pagombe, imenyeni pamutu ndi cibonga musanacotse mbedza, ndipo samalani minga yolimba ya m'zipsepse za m'mbali, imene ilasa koopsa.

Lamulo la Boma

Mvula ikagwa milamba ikwera m'madambo odzala madzi kukaikira mazira. Wogwira nsomba pa nyengo imeneyo afanana ndi mlimi wophika mbeu yace. Cifukwa ca ici Boma la Zambia liletsa kugwira nsomba m'madzi ambiri kuyambira pa 1 Disembala kufikira kutha kwa Febuluwale caka ndi caka. Musachere mbedza m'kati mwa malo osungira nyama, monga South Luangwa National Park. Musanayambe, kaonaneni ndi mlangizi wa za nsomba wa m'dera lanu kuti akuuzeni za laisensi ndi malamulo a madzi anu.

Mukaleka kuchera, masulani zingwe zonse ndi kupita nazo kumudzi. Cingwe coiwalika cipha mbalame, katumbu ndi nkhasi popanda wopindula.

Kusunga Nsomba

Nyama ya mlamba ivunda msanga pa dzuwa. Itumbuleni m'mawa momwemo, muitsuke ndi madzi oyera, ndi kudula yaikulu m'zidutswa. Thirani mcere, ndipo muiwambe pa moto wa utsi wosalilima kufikira itauma. Yotsala pa ndiwo za pakhomo mukhoza kugulitsa, ndi kupeza ndalama za sopo, mcere ndi mabuku a ana.

Usiku wina mudzapeza mbedza zonse ziri zokha. Musataye mtima, pakuti akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Sinthani nyambo, yesani dziwe lina, ndipo cherani kaciwiri.