CIFUKWA CAKE MZERE WOTENGA MAGAZI UMAYENDA PANG'ONO

Odwala ambiri a ku Ngungu ndi ku Bwacha amadandaula kuti munthu ungalawire m'mamawa kukapimitsa magazi, koma n'kubwerera kunyumba dzuwa lili pamutu. Kulasa nyeleti kumatenga mphindi zocepa cabe. Nanga nthawi yonseyi imathera kuti?

Bvuto loyamba ndi kucepa kwa anchito. M'makiliniki ambiri mulibe munthu amene nchito yake ndi kutenga magazi kokha. Namwino amene akulasa odwala ndi yemweyo amene aitanidwa kukaona mai wodwala pakati. Wa mu labotale akatuluka kukathandiza pa mzere, makina ake atsala opanda munthu. Mu 2022 boma linalemba anchito a zaumoyo oposa 11,000 m'dziko lonse, koma pa kiliniki imodzi, munthu mmodzi akapita ku chuti kapena ku maliro, gawo lonse limagwedezeka.

Ndiponso onse amafika nthawi imodzi. Wopimitsa shuga amauzidwa kubwera asanadye. Azimai apakati abwera ku sikelo m'mawa. Akumwa ma ARV amene tsiku lao lopima kuculuka kwa kacilombo lakwana naonso ali pomwepo. Masana benchi ili mbee. Ena anganene kuti odwala agawidwe, ena azibwera masana, koma magazi ambiri samapimidwa pa kiliniki pomwepo. Amatumizidwa ku labotale yaikulu monga ya ku Kabwe Central Hospital, imene kale inali kuchedwa Kabwe General, ndipo ayenera kukhala okonzeka wonyamula asanafike. Magazi opimira kacilombo akakhalitsa pa kutentha osapatulidwa amaonongeka, ndipo wodwala ayenera kulasidwanso.

Kuno ku Kabwe kuli katundu wina amene matauni ena alibe. Mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake likali m'nthaka, maka-maka ku Kasanda, Chowa ndi Makululu. Mu 2016 World Bank inabvomereza ndalama zothandiza kuyeretsa malowa ndi kupima ana. Kutenga magazi a mwana wa zaka 2 si nchito ya munthu mmodzi: wina agwire, wina alase, mai atonthoze. Pamene magazi atengedwa pa cala, calaco ciyenera kusambitsidwa bwino ndi sopo coyamba, cifukwa fumbi la mtovu lotsala pakhungu lingapangitse zotsatira kukwera monama. Namwino amene afulumira kuti athe mzere akhoza kuopseza banja pacabe, kapena kucititsa kuti mwana alasidwe kaciwiri pa mtsempha.

Pali nchito inanso imene wodwala samaiona. Botolo liri lonse liyenera kulembedwa dzina ndi nambala wodwala akali pampando. Mabotolo ali ndi zotsekera za mitundu yosiyana, pakuti ena ali ndi mankhwala oletsa magazi kuundana, ena alibe. Pa mzere umodzi pangakhale a Mary Phiri awiri. Botolo likasinthana, munthu wathanzi auzidwa kuti adwala, kapena wodwala apatsidwa magazi osagwirizana ndi ake, zimene zingaphe. Motero namwino akakufunsani dzina ndi tsiku lobadwa kaciwiri, musakwiye. Ife tiona kuti namwino wofunsa kawiri ndiye wofunika kumuyamikira.

Kutopa kumabvulaza anchito eni ake. Wolasa anthu ambiri osapuma ndiye amadzilasa ndi nyeleti yogwira kale nchito. Zikatero ayenera kuyamba mankhwala oteteza ku HIV pasanathe maola 72, ndi kumwa masiku 28. Oyang'anira gawo ayenera kusinthanitsa anthu pa mpando wolasira, kuika anchito ambiri m'mawa kusiyana ndi masana, ndi kuwerenga magolovesi, nyeleti ndi mabotolo madzulo, osati odwala atakhala kale pa benchi.

Inunso mungathandize. Bwerani ndi khadi lanu ndi pepala la dotolo. Imwani madzi musanabwere, ngakhale pamene mwauzidwa kusadya, cifukwa madzi amathandiza kuti mtsempha uoneke msanga. Bvalani malaya osabvuta kupinda. Ngati munakomokapo polasidwa, nenani musanakhale pampando kuti akugonekeni. Ndipo musanacoke, funsani tsiku lodzatenga zotsatira.