ZOMERA ZA M'MADZI ZIKADWALA

M'mbali mwa nyanja ya Malaŵi ku Nkhotakota, makamaka pa dziwe la Chia, mumamera zomera zambiri za m'madzi. Bango ndi gumbwa zimaima m'mphepete, kakombo amayala masamba ake pamwamba pa madzi, ndipo pansi pamchenga pamamera udzu wa masamba aatali umene akatswiri amautcha Vallisneria. Mu udzu umenewu ndimo tiana ta nsomba timabisala.

Nsomba zokongola za m'nyanja yathu, monga mbuna, zimagulitsidwa ku maiko akunja. Kumeneko anthu amaziweta m'mathanki agalasi, momwe amathiramo mchenga ndi kubzalamo zomera. Sukulu nayonso ingathe kukhala ndi thanki lotere. Zomera zimathandiza nsomba, pakuti masana zimatulutsa mpweya umene nsomba zimapuma, ndiponso zimayamwa zonyansa za nsombazo ngati manyowa. Tsono zomera zikafa, madzi amaipa ndipo nsomba zimavutika.

Chomera sichilankhula, koma masamba ake amaonetsa chimene chikuchivuta. Tiyeni tiphunzire kuwerenga zizindikiro zake.

Poyamba tione za kuwala. Chomera chosowa kuwala chimaonda, chimayezuka, ndipo chimatalika mopendekera ku zenera. Koma dzuwa likachuluka, ndere imakuta masamba ndi galasi, ndipo madzi amabiriwira. Zomera zambiri zimakondwa ndi kuwala kwa maola 8 pa tsiku. Choncho thanki liikidwe poyera, koma osati pa dzuwa lamphamvu. Zakudya za nsomba zotsalira nazonso zimachulukitsa ndere.

Kachiwiri tione za chakudya cha chomeracho. Kodi munaonapo chimanga chosathira feteleza? Masamba ake am'munsi amasanduka achikasu chifukwa chosowa mchere wa nayitirojeni. Zomera za m'madzi zimachitanso chimodzimodzi. Koma ngati amene ayezuka ndi masamba anthete akunsonga, kawirikawiri chimene chasowa ndi mchere wa ayironi.

Kachitatu tione za kabzalidwe. Vallisneria akakwiriridwa mozama amaola patsinde. Mizu yokha ndiyo ilowe mumchenga, koma pamene masamba ayambira pakhale poonekera. Masamba ong'ambika kapena mizu yofukulidwa ndi ntchito ya nsomba, pakuti mbuna zimabudula masamba ndi kukumba mchenga. Miyala ingapo yozungulira tsinde imateteza mizu.

Chomera chongobzalidwa kumene nthawi zina chimataya masamba ake akale, monga muja mbande za mpunga zimafotera zikangowokeredwa. Musachizule. Ngati mizu ili yoyera ndi yolimba, chidzaphukanso.

Mukazindikira vuto, sinthani chinthu chimodzi chokha, ndipo dikirani masabata awiri. Mukasintha zonse nthawi imodzi simudzadziwa chimene chathandiza. Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anai a madzi ndi kuthiramo abwino. Madzi a pampopi ayambe agonera m'ndowa kuti mankhwala a kolorini auluke.

Pomaliza, chenjerani ndi nkhono za m'madzi zimene zimamatirira pa zomera za m'nyanja, chifukwa zina mwa izo zimafalitsa likodzo. Ana asalowe m'mabango kukazula zomera. Ntchito imeneyi achite ndi akuluakulu, ndipo zomerazo zitsukidwe bwino zisanabzalidwe.

Akulu akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene amayang'ana zomera zake mofatsa tsiku ndi tsiku amaona matenda asanakule.

MAFUNSO

1. Tchulani zomera zitatu zimene zimamera pa dziwe la Chia.
2. Kodi zomera zimathandiza bwanji nsomba?
3. Chimachititsa n'chiyani kuti ndere ichuluke m'thanki?
4. N'chifukwa chiyani tiyenera kusintha chinthu chimodzi chokha?
5. Pangani ziganizo ndi mau awa: yezuka, budula, wokera, gonera.