Za Sileti ndi Tabuleti

Pamene sukulu zinayamba m'dziko lino mapepala anali osowa ndithu. Mwana woyamba sukulu sankalandira kope ayi. Ankakhala pansi pa mtengo, nasalaza mchenga ndi chikhatho, nalemba a, e, i, o, u ndi chala chake. Akalakwa ankafafaniza ndi dzanja lomwelo, nayambanso. Dzanja litazolowera, ndipo ankampatsa sileti. Umo ndimo ankaphunzirira ana m'sukulu za m'midzi masiku amene ansembe a Montfort anamanga misoni ya Utale, m'dera la Balaka, m'chaka cha 1908. Ndipo ku Machinga ana ambiri ankaphunzira zilembo za Chiarabu ku madrasa, nalemba pa thabwa, nalitsuka akaloweza zimene analembazo.

Njira yakaleyo siinathe, ili m'sukulu kufikira lero. Mphunzitsi alemba pa bolodi, ana nakopera. Tsiku lina achita lembetso: iye atchula mawu, ana nalemba osaona m'buku. Akakula pang'ono alemba kalata ndi chimangirizo. Pomaliza mphunzitsi asonkhanitsa makope, nachonga, nalemba mzere pansi pa liwu lolakwa, kuti mwini wake alilembenso bwino. Mphamvu ya njira imeneyi ili m'maso a mphunzitsi. Ngati maso ake afika pa kope la mwana aliyense, mwanayo aphunzira msanga.

Koma maso a munthu mmodzi ali awiri okha. M'chaka cha 1994 boma la Bakili Muluzi, amene kwawo ndi ku Machinga komweko, linathetsa fizi ya ku pulayimale, ndipo ana ochuluka zedi amene anali kukhala pakhomo anathamangira kusukulu. Chinali chinthu chokoma. Koma aphunzitsi ndi zipinda sizinachuluke monga anachulukira ana, kotero kuti m'sukulu zambiri mphunzitsi mmodzi wa Sitandade 1 anayang'anizana ndi ana oposa 100. Tsono taganizani, ana inu: ngati kope lililonse litenga mphindi imodzi yokha, kuchonga makope 100 kutha ola lathunthu ndi mphindi 40. Nanga mphunzitsiyo aphunzitsa nthawi yanji? Chotero mwana wokhala kumbuyo akhoza kulemba chilembo b chotembenuka, chonga d, mwezi wathunthu, popanda womuuza. Ana otere afika Sitandade 4 asanadziwe kuwerenga chiganizo chimodzi, ndipo ambiri a iwo atopa nasiya sukulu.

Chifukwa cha vuto limeneli anthu ena anayesa kuthandiza mphunzitsi ndi makina. Makinawo atchedwa tabuleti. Ukulu wake uli ngati wa sileti, koma nkhope yake ndi yagalasi lowala, ndipo m'kati mwake muli maphunziro okonzedweratu, amene atchedwa pulogalamu. Bungwe la onebillion, la ku England, linakonza pulogalamu yoyankhula Chichewa, ndipo m'chaka cha 2013 inayesedwa pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe. Poyamba inali ya masamu, pambuyo pake anawonjezamo kuwerenga ndi kulemba. M'chaka cha 2023 Unduna wa Zamaphunziro unayamba ntchito yotchedwa BEFIT, nuyambira m'sukulu 500, ndi cholinga chakuti makinawa afike m'sukulu zonse za pulayimale za boma, kwa ana a Sitandade 1 kufikira 4. Popeza m'midzi yambiri mulibe magetsi, matabuleti alandira moto wake kuchokera ku dzuwa.

Mwana avala zomvera m'makutu, nagwira tabuleti. Mawu a m'makinamo atchula liwu, iye nalondola chilembo ndi chala pagalasi, monga momwe agogo ake ankachitira pamchenga. Akakhoza, makina amuuza pomwepo. Akalakwa, amuuzanso pomwepo, nambwereza. Apa ndipo pali ubwino wake waukulu. Makina satopa, sakwiya, ndipo anzake a mwanayo samva kuti walakwa, kotero sachita manyazi. Mwana wofulumira apita patsogolo, wochedwa nayenda pang'onopang'ono osasiyidwa. M'maboma a Machinga ndi Balaka muli ana ambiri amene kwawo ayankhula Chiyao, chimene chili ndi mamvekedwe ake ndi malamulo akeake. Mwana wotere afunika kumva liwu la Chichewa kawirikawiri asanalilembe, ndipo makina akhoza kulitchula kakhumi osadandaula.

Pali zolakwa zina zimene makina azigwira bwino koposa. Chilembo h ndi chaching'ono, koma chisintha tanthauzo. Kuponya mwala ndi kwina, kuphonya mbalame ndi kwinanso. Khala la moto silifanana ndi kala, ndipo wolemba pala pofuna kunena phala la mgaiwa wasokoneza owerenga. Momwemonso l ndi r. Lamulo la kalembedwe likuti r atsata i kapena e, ndipo l akhala m'malo ena onse. Ndicho chifukwa chake mawu alembedwa mbiri, kulera, mwala, kulola. Ndipo m'liwu loti kulira muli zonse ziwiri. Zinthu zotere ziphunziridwa ndi kubwereza, ndipo kubwereza ndiyo ntchito ya makina.

Komatu kulemba sikutha ndi zilembo. Mwana wa ku Ntaja kapena ku Ulongwe akafuna kulembera kalata atate ake amene ali pa ntchito ku Johannesburg, ayenera kupeza yekha mawu onena kuti chimanga chapsa ndi dzuwa, ndi kuti mbuzi ziwiri zafa. Pamenepo alowa m'malamulo a chiyankhulo. M'Chichewa dzina lilamulira mawu onse otsatana nalo. Anthu anena kuti mwana wabwera, koma ana abwera. Chimanga chacha, koma mapira acha. Mudzi uwu, koma midzi iyi. Wolemba kuti mbuzi awiri afa walemba zilembo zonse bwinobwino, koma chiganizo chake ndi chopunduka. Palinso ulemu. Polembera atate ake mwana salemba kuti uli bwanji, alemba kuti muli bwanji. Ndipo sanena kuti wapita, anena kuti apita, angakhale munthuyo ali mmodzi. Pulogalamu ya ana aang'ono ichonga mayankho amene okonza ake anaikamo kale. Kalata imene mwana waipeka yekha ifuna munthu woiwerenga, wodziwa wolemba ndi wolemberedwa yemwe.

Ana okulirapo aona makina ena m'mafoni a makolo awo. Foni zambiri zili ndi chokonzera mawu, koma chikakhala chotchera Chingerezi sichidziwa Chichewa. Chiona liwu labwinobwino ngati lolakwa, nichilisandutsa liwu lachizungu, ndipo uthenga ufika kwa mwini wake uli wopanda mutu. Palinso Google Translate, imene inalandira Chichewa m'chaka cha 2014. Ithandiza munthu kumva nkhani ya chiyankhulo chachilendo, koma ikhoza kuphonya. Liwu loti mtengo litanthauza chomera cha m'thengo, litanthauzanso ndalama zogulira chinthu. Poyankhula, khutu lisiyanitsa awiriwa ndi kukweza kapena kutsitsa kwa mawu, koma polemba afanana, ndipo makina ayenera kungolota poona mawu oyandikana nawo. Mwana amene akopera za m'makina osaziyesa ali ngati munthu wogula nsomba za ku Chilwa usiku, osazinunkhiza.

Ndipo malamulo amene makina atsata sanabadwire m'makinamo. Anawakonza ndi anthu, ndipo anawakonza pang'onopang'ono. David Clement Scott wa ku misoni ya Blantyre anasindikiza buku lalikulu la mawu a Chimang'anja m'chaka cha 1892. M'mabuku akale ankalemba c pamene lero alemba ch, monga Cinyanja, ndipo ku Zambia alemba chomwecho kufikira tsopano. Chichewa chinakhala chiyankhulo cha fuko m'chaka cha 1968, ndipo bungwe la Chichewa Board linatulutsa malamulo a kalembedwe m'chaka cha 1973, niliwakonzanso pambuyo pake. Ntchito yake inapitirira ku Centre for Language Studies ku Zomba, kumene anakonza Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Makina akaphunzitsidwa ndi zolemba zolakwa, abwereza zolakwazo mokhulupirika monga abwerezera zolondola.

Chifukwa chake m'sukulu zimene muli matabuleti, bolodi ndi choko sizinachotsedwe. Ana agwira makina kanthawi kochepa, mosinthana, nabwerera ku makope awo. Chala chimene chalondola chilembo pagalasi chiyenera kuphunziranso kugwira pensulo, pakuti mayeso a Sitandade 8 alembedwa papepala. Ndipo mwana wa sukulu imene tabuleti siinafike asataye mtima. Akalemba chiganizo, achiwerenge mokweza pamaso pa amayi ake kapena agogo ake. Iwo angakhale sanapite kusukulu, akamva kuti mbuzi awiri afa adzaseka, nadzamuuza kuti mbuzi ziwiri zafa. Zotsala, za h ndi r ndi mpumiro, akafunse aphunzitsi m'mawa mwake.