Cifukwa Cace Makanema Oseketsa a Kale Sakalamba

Madzulo ano tikambe za makanema oseketsa a kale, ndi cifukwa cace akali kuseketsa ngakhale eni ace anatsikira kuli cete.

Tiyambe ndi Charlie Chaplin, amene anakulira mu umphawi ku London. Kanema wace wochedwa The Kid anaturuka m'caka ca 1921, ndipo anali wopanda mau. M'menemo munthu wosauka atola khanda lotayidwa, nalilera m'kacipinda kace, monga mwa mwambi wathu uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Popeza mulibe mau, Mbemba, Mtonga ndi Mcewa akhoza kukhala pa benci limodzi, naseka pamodzi popanda womasulira. Timaseka nsapato zace zazikuru ndi kandodo kace, koma mtima wathu uli kumbali yace, pakuti iye ndiye wamng'ono wopulumuka m'manja mwa amphamvu.

Pambuyo pace inadza wailesi ya kanema. Ku America sewero la I Love Lucy linaonetsedwa kuyambira 1951 kufikira 1957. Lucille Ball ndi Desi Arnaz, amene anali banja lenileni, anasewera pamaso pa anthu, makamera atatu alikujambula. Nkhani yace njodziwika m'nyumba iriyonse: mkazi afuna cinthu, mwamuna akana, mkazi akonza cinyengo, cinyengo ciululika, ndipo potsiriza akhululukirana. Kukhululukiranako ndiko kumalola makolo ndi ana kuonera pamodzi opanda manyazi. M'dziko muno wailesi ya kanema inayamba ku Kitwe mu 1961, ndipo itafika m'makomboni a Lusaka, nyumba yokhala nayo inkadzaza ana a anansi.

Komatu si kuseka konse kuli kwabwino. Mu 1948 kunakhazikitsidwa bungwe la Central African Film Unit, lopangira Afirika makanema. Umodzi mwa makanema ace unali Mulenga Goes to Town, wonena za mnyamata wa kumudzi amene asokonezeka ndi moyo wa m'tauni. Anthu anaseka ndithu, koma phunziro la atsamunda linali lakuti malo a munthu wakuda ndi kumudzi. Cikhalireco makomboni athuwa anamangidwa ndi anthu onga Mulenga yemweyo, amene anadza, napirira, nakhazikika.

Cotero, anzanga, mukapeza makanema amenewa pa lamya kapena pa wailesi ya kanema, itanani ana muonere pamodzi. Mukatha kuseka, muwafunse kuti: kodi tinali kuseka pamodzi ndi munthu uja, kapena tinali kumnyoza? Mwana wodziwa kuyankha funso limeneli sadzaseka mlendo wocokera kumudzi pamene asocera m'Cairo Road.

Tsalani bwino, mugone ndi mtendere.