Makina Osakanizira Chakudya: Kusankha Bokosi la Magiya

Mayi akamaphika nsima savundula mothamanga. Amavundula pang'onopang'ono koma mwamphamvu, chifukwa nsima ikamalimba mthiko umalemera. Makina osakanizira chakudya nawonso amafuna zomwezo: liŵiro lochepa, mphamvu zambiri. Chimene chimachititsa zimenezi ndi bokosi la magiya, lija amakanika amati giyabokosi. Tiyeni tilidziŵe bwino, kuti gulu lanu lisadzataye ndalama pogula makina.

Chifukwa chiyani tikukamba za makina?

Kuno ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma timalima chimanga, mtedza ndi soya wambiri. Mbeu zimenezi zimapindulitsa koposa tikazikonza kukhala ufa wa phala, chiponde kapena chakudya cha nkhuku. Taganizani za phala la Likuni, lija linayambira ku chipatala cha mishoni ku Likuni. Masiku ano ufa wake umakhala magawo 4 a chimanga ndi gawo 1 la soya.

Kusakaniza ndowa imodzi ndi manja nkosavuta. Nanga matumba 20? Manja amatopa, ndipo ufa susakanikirana bwino. Paketi ina imachuluka soya, ina imachepa. Mwana amene wadya phala lochepa soya ndiye waluza. Apa mpamene makina amathandiza.

Mota imathamanga kwambiri

Mota zambiri zoyendera magetsi a ESCOM zimazungulira pafupifupi ka 1,400 pa mphindi imodzi. Chigayo chimakonda liŵiro. Nyundo zake zimazungulira pafupifupi ka 3,000 pa mphindi kuti ziswe chimanga. Koma makina osakanizira ndi osiyana. Mthiko wake wachitsulo umangofuna kuzungulira ka 30 mpaka ka 60 pa mphindi. Mutaulumikiza ku mota mwachindunji, ufa ungadzaze nyumba yonse, kapena mota ingalephere kutembenuza chiponde ndi kupserera. Paja amati kuthamanga sikufika.

Choncho pakati pa mota ndi mthiko pamakhala bokosi la magiya. Ntchito yake ndi kuchepetsa liŵiro ndi kuonjezera mphamvu yotembenuzira.

M'kati mwa bokosi muli chiyani?

Mabokosi a magiya alipo a mitundu ingapo. Limene limapezeka kaŵirikaŵiri pa makina aang'ono ndi lija ogulitsa amalitcha worm gear. Pa Chingerezi worm ndi nyongolotsi. M'kati mwake muli zinthu ziŵiri. Choyamba ndi chitsulo chamazinga, chonga bawuti, ndipo ndicho nyongolotsiyo. Chachiŵiri ndi gudumu la mano, lopangidwa ndi mkuwa wosakaniza. Mota imazunguza chitsulo chamazinga, mazingawo amakankha mano a gudumu, gudumu limazunguza mthiko.

Mwina munaziona kale osadziŵa. Yang'anani pa gitala, pamene pali timakiyi tokungira nsambo. Mumapotokola kakiyi kangapo, koma nsambo imangokungika pang'ono. Mukasiya, nsambo sibwerera m'mbuyo. Imeneyo ndi giya ya nyongolotsi yaing'ono.

Pa mabokosi ambiri, chitsulo chamazinga chikazungulira kamodzi, gudumu limasuntha dzino limodzi lokha. Ngati gudumu lili ndi mano 40, mota iyenera kuzungulira ka 40 kuti gudumu lizungulire kamodzi. Pa bokosi amalemba motere: 40:1.

Ubwino wa bokosi ili ngwakuti ndi laling'ono, silisokosa, ndipo mtengo wake ngwotsikirapo. Kuipa kwake nkwakuti mazinga ndi mano zimakhulana, choncho limatentha. Kutenthako ndi mphamvu ya magetsi imene ikutayika. Pa bokosi la 60:1, gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu, kapena kuposa, lingathe kutayika motero. Ngati makina anu adzagwira ntchito usana ndi usiku, funsani za bokosi la magiya a mano opendama, lotchedwa helical. Ndi lodula, koma silitaya magetsi ambiri.

Ŵerengani kachitsulo kolembedwa

Pa mota iliyonse ndi pa bokosi lililonse pamakhala kachitsulo kolembedwa manambala. Musalipire musanakaŵerenge nokha. Funani zinthu zitatu.

Choyamba ndi RPM. Nambala imeneyi ikuuzani kuti mota imazungulira kangati pa mphindi. Zina ndi 1,400, zina ndi 2,800.

Chachiŵiri ndi Ratio, ndipo pena amangolemba chilembo i. Imeneyi ndi nambala ija ya 20:1 kapena 40:1. Tsono chitani samu yogaŵa. Gaŵani 1,400 ndi 40, yankho ndi 35. Mthiko udzazungulira ka 35 pa mphindi. Gaŵani 1,400 ndi 20, yankho ndi 70. Koma taonani: bokosi lomwelo la 20:1 mukaliika pa mota ya 2,800, mthiko udzazungulira ka 140. Ndiye kuti mota ndi bokosi ziyenera kusankhidwira pamodzi.

Chachitatu ndi kW kapena HP, mphamvu ya mota. HP imodzi ndi pafupifupi 0.75 kW. Bokosi nalo lili ndi malire a mphamvu imene lingalandire. Mota ya 3 kW ikamakankha bokosi lopangidwira 1.5 kW, mano amkuwa aja amadyeka msanga.

Onaninso mtundu wa magetsi. Magetsi a m'nyumba ndi a 230 V. Mota zazikulu zimafuna magetsi onga a pachigayo, a 400 V, aja amati three phase. Dziŵani amene ali pamalo panu musanapite ku Malangalanga kapena ku Kanengo kukafunsa mitengo.

Muuzeni wogulitsa ntchito yanu

Ufa wouma ndi wopepuka. Chiponde ndi ufa wokanda wa buledi nzolemera ndi zomata. Bokosi lokwanira ufa wouma lingafe msanga pa chiponde. Choncho muuzeni wogulitsa zinthu zinayi: chimene mudzasakaniza, makilogalamu angati ulendo umodzi, maola angati pa tsiku, ndiponso ngati makina adzalizidwa ali odzaza kale. Kunyamuka ndi katundu nkolemetsa, monga mmene ngolo yodzaza imavutira ng'ombe poyamba kukoka.

Ngati ntchito ili yolemera, kapena ipitirira maola 8 pa tsiku, sankhani bokosi lokulirapo kuposa limene likungokwanira. Mudzalipira zambiri lero, koma simudzaimitsa ntchito pakati pa nyengo ya malonda.

Funsaninso kuti gudumu la mkuwa ndi timphira totseka oyilo zikatha, mudzazipeza kuti. Makina opanda zosinthira amasanduka chitsulo chongokhala pakona. Pitani ndi makanika amene mumamkhulupirira. Safunsa anadya phula.

Oyilo ndi chakudya siziyenderana

Bokosi la magiya limakhala ndi oyilo m'kati. Mphira yotseka ikatha, oyilo amadontha. Ngati bokosi lili pamwamba pa mphika wosakanizira, oyiloyo adzagwera m'chakudya cha ana. Sankhani makina amene bokosi lake lili pambali kapena pansi, ndipo muziona tsiku ndi tsiku ngati pali podontha.

Pali oyilo wopangidwira makina a chakudya. Pa chigubu chake pamalembedwa H1. Ngakhale ameneyu si ndiwo, asaloŵe m'chakudya. Musathire oyilo wakuda wochotsa m'galimoto. Oyilo wina wa magiya a galimoto ali ndi mankhwala odya mkuwa. Thirani yekhayo amene opanga bokosi analemba, ndipo mumsinthe pa nthaŵi imene ananena. Ngati mufuna kugulitsa chakudya chanu m'masitolo, bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, ndilo limayesa ngati chili choyenera kudya anthu.

Bokosi likamagwira ntchito limafunda ndithu. Koma mukamva fungo la oyilo wopserera, kapena phokoso lachilendo, zimitsani msanga. Mwina oyilo wachepa, mwina mwadzaza kwambiri. Mukaona tizidutswa tachikasu tambiri m'oyilo wakale, dziŵani kuti gudumu likudyeka.

Samalani manja anu

Mthiko woyenda pang'onopang'ono umanyenga. Umaoneka wofatsa, koma mphamvu yake ingathyole mkono. Kumbukirani nsambo ya gitala ija yosabwerera m'mbuyo. Mabokosi ambiri a mtundu uwu ali chomwecho: mthiko ukagwira dzanja, anzanu sangathe kuubweza ndi manja ngakhale magetsi atazimitsidwa.

Choncho musapise dzanja m'makina akuyenda. Potsuka, zimitsani ndi kuzula pulagi. Lamba ndi zonse zozungulira zikhale zophimbidwa. Amayi, mangani chitenje ndi mpango zolimba. Ana asaseŵere pafupi. Aliyense m'gulu adziŵe pamene pali switchi yozimitsira.

Kambiranani ndi anzanu

1. Mota ndi ya 1,400 RPM, bokosi ndi la 50:1. Mthiko udzazungulira kangati pa mphindi?
2. Chifukwa chiyani chigayo chimafuna liŵiro, koma makina osakanizira safuna?
3. Gulu lanu litafuna kugula makina, mungamuuze zinthu zinayi ziti wogulitsa?
4. Pitani ku chigayo chapafupi. Pemphani mwini wake akuonetseni kachitsulo ka pa mota makina atazimitsidwa. Lembani manambala ake m'kope, mudzaŵerengere anzanu.